Mkamwini ndi Mgolo Wake wa Dizilo

"Ine Goliati, mwana wa a Makina a kwa Nazombe, sindidzaimanso pa mzere wa mafuta mpaka tsiku londiika m'manda. Ndipo tsiku limenelo, galimoto yonyamula bokosi langa idzamwa dizilo wanga yemwe."

Anawalankhula mawuwa pabwalo la alamu ake kwa Jenala, ali chilili pamene anzake onse anali atakhala, dzanja lina m'thumba, lina litakweza botolo la zinthu zakuda ngati madzi a m'chithaphwi cha nkhumba. Mkazi wake Eveles anali pamphasa pamodzi ndi amayi ena a mbumba. Sanayang'ane pansi. Mkazi wina akanayang'ana pansi, chifukwa mkamwini saimirira pabwalo la eni mudzi n'kumalengeza maliro ake ngati akuitanira anthu ku mpira. Koma Eveles anayang'ana pansi mokwanira m'banja lake loyamba, ndipo khosi linali litatopa.

Amene anaitanitsa msonkhanowo anali a Nickson, mlongo wake wamkulu wa Eveles, mwini mbumba, mkulu wa mpingo, komanso mwini chigayo chokhacho cha m'mudzimo. Anali munthu wa jekete ngakhale mu Okutobala, wolankhula motsitsa ngati akupemphera, koma mawu awo amaluma ngati linthumbu. Nkhani inali imodzi: mgolo umene mkamwiniyo anaimika kuseri kwa nyumba ya chemwali wawo.

Goliati anafika m'mudzimo dzinja la chaka chatha ndi chikwama chimodzi, foni yosweka galasi, ndi pakamwa. Kwa zaka zambiri anali wothandiza madalaivala a mathiraki pa msewu wa ku Beira, ndipo kumeneko, amatero mwini wake, anaona malo ena kumene anthu amaphika matayala akutha n'kutulutsa mafuta. Zotsalazo anazitola m'mavidiyo a pa foni. Nzeru yake inali yoti pulasitiki anachokera ku mafuta, ndiye ukamuphika mu mgolo wotseka bwino, wosalowa mpweya, sayaka ayi. Amasungunuka n'kusanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ikadutsa m'paipi yozizira imabwerera kwawo, imakhalanso mafuta. Majumbo, zigubu zong'ambika, mabeseni osweka, zonse zimalowa. Poti pulasitiki kumudzi sachuluka ngati m'tauni, amadzazira ndi mankhusu a mpunga, zitsononkho ndi makoko a nandolo, zimene m'chigwa cha Phalombe zimangoti mbwee, anthu amazitentha kuti apeze podutsa. Amati nazonso zili ndi mafuta ake, bola kuzifunsa bwino ndi moto.

Tsiku loyamba kumufotokozera zimenezi, akujambula pansi ndi kamtengo, Eveles anayang'ana chithunzicho n'kuseka mpaka misozi. Mgolo pamoto, chivundikiro chomata ndi dothi, paipi yodutsa m'kabwato ka madzi, botolo kumapeto. Anamufunsa ngati anachitadi kupita ku Beira kukaphunzira zimenezi, chifukwa kwa Jenala amakutcha kutcheza kachasu, ndipo iye wakhala akutcheza kuyambira pamene mwamuna wake woyamba anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Kachasuyo anamulerera ana, anamufolerera nyumba ndi malata, ndipo anamuchotsetsa m'gulu la amayi a mpingo, alongo akewo atakhala kutsogolo akugwedeza mutu. Choncho anatenga paipi yake yakale n'kumupatsa Goliati. Kuyambira pamenepo mgolowo unali wa anthu awiri: mwamuna amadziwa chifukwa chake, mkazi amadziwa moto.

Pa msonkhano uja a Nickson anayala madandaulo awo mwaulemu. Fungo la mgolo limalowa m'zovala za akazi awo, a Violet, zikakhala pachingwe. Kuseri kwa nyumba ya Eveles kwasanduka dzala la boma lonse la Phalombe. Anthu akumpingo ayamba kufunsa ngati banja lawo latsegula nthambi ya ku gehena. Choposa zonse, mwana wawo Thandiwe ali ndi chinkhoswe kumapeto kwa mwezi, akuchimuna ndi ochokera ku Zomba, anthu a nsapato zowala. Akadzaona phiri la majumbo adzati mnyamata wawo wakwatira kwa otola zinyalala. Mgolo uchoke. Ngati mwini wake sangathe kukhala popanda mgolowo, njira ya kwa Nazombe sinamere udzu.

Apa m'pamene Goliati anaimirira ndi botolo lake. Atatha za bokosi zija sanakhale pansi. Anakumbutsa alamu akewo kuti chigayo chawo chili chete kuyambira pamene dizilo anayamba kusowa, kuti wa m'zigubu wochokera kumalire amamuopa ngati njoka, ndipo amayi akusenza chimanga mpaka ku Migowi kukadikira magetsi amene amabwera ngati mlendo wamanyazi. Nanga ufa wa chinkhoswe adzagaya ndi chiyani, ndi nyimbo za m'buku?

"Ndipatseni injini yanuyo, alamu. Chimanga chonse cha chinkhoswe, ndi chimera cha thobwa chomwe, ndigaya ine ndi majumbo omwewa. Ikakana, simudzavutika kundithamangitsa. Ndidzasenza mgolo wanga dzuwa lisanalowe."

A Nickson anasisita chibwano. Injiniyo amaikonda kuposa ana awo ena, koma mkamwini wodzithamangitsa yekha sapezeka chaka chilichonse. Anatembenukira kwa chemwali wawo n'kufunsa ngati wamva zimene bamboyu wanena pamaso pa anthu.

"Ndamva, achimwene," anatero Eveles. "Inu muzingokonza matumba olandirira ufa."

Pabwalo anayankha choncho, koma atalowa m'nyumba anamulalatira Goliati mpaka nkhuku zinachoka pakhonde. Anamufunsa ngati pakamwa pakepo pali mabuleki, kapena anawasiya pa thiraki ya ku Beira. Munthu amabetcha njinga, amabetcha mbuzi, koma uyu wabetcha banja. Goliati akachoka, iye sangamutsatire. Munda ndi wa kuno, nyumba ndi ya kuno, ana ndi a mbumba ino, ndipo mkazi wa kwa Jenala sasiya nthaka ya amayi ake kukapempha pogona kwa apongozi. Adzatsala yekha kachiwiri, a Violet akumumvera chisoni mokweza mawu. Ndipo chimene sananene n'chakuti mwamunayu, ndi phokoso lake lonse, amatunga madzi pa njinga osachita manyazi, amamutcha "abwana" pamaso pa anthu, ndipo amamuseketsa. M'banja loyamba Eveles anaseka tsiku la ukwati lokha, ndipo ngakhale pamenepo anachita kuuzidwa ndi wojambula.

Goliati anadikira mpaka mkuntho unadutsa, kenako anafunsa ngati abwana akufuna akapepese.

"Mukapepesa ndikuthamangitsani ndine," anatero Eveles. "Kapopeni njinga."

Masiku otsatirawo anthu a m'misika ya m'deralo anawazolowera awiriwa. Msika ukamatha, anzawo akumanga mitolo ya bonya ndi kaunjika, iwo amayamba kutola. Eveles amayenda patsogolo ndi thumba, chitenje atamanga ngati akupita kukamenyana, ndipo samasiya ngakhale kapepala ka maswiti. Kumakina opunthira mpunga amawapatsa mankhusu mosangalala, eni ake akufunsa ngati ayamba kudya zimenezi. Tsiku lina akutsitsa katundu, a Violet anasuzumira pa mpanda.

"Mwagula ndiwo zanji lero, alamu? Jumbo wofutsa?"

"Wotendera, alamu," anayankha Eveles. "Bwerani tidye. Mubwere ndi mbale, koma musabwere ndi chovala cha nayiloni, tingakuphikireni kumodzi."

Mgolo unayamba kufuka tsiku ndi tsiku. Eveles amamata chivundikiro ndi dothi la pachulu losakaniza ndi phulusa, n'kumayendetsa chala m'mbali kufuna pamene pakutuluka mpweya. Amasintha madzi a m'kabwato akayamba kufunda. Amadziwa nthawi yokankhira nkhuni ndi nthawi yozikoka pongomva kulira kwa mgolo. Goliati anaika kapaipi kena kobwezera pamoto mpweya wokana kusanduka mafuta, ndipo ukayaka ndi lawi lobiriwira amaitana aliyense wodutsa kuti adzaone moto wodzidyetsa wokha. Pansi pa mgolo pamatsala makala opepuka amene Eveles amaphikira nyemba.

Ndipo mafutawo amagwiradi ntchito, limenelo silinali bodza. Julius, mnzawo wolima tomato kudimba, anali ndi pampu yakale ya dizilo imene inali itauma kukhosi. Goliati anasefa mafuta akuda aja m'nsalu n'kuthira, ndipo pampuyo inatsokomola, inatukwana, kenako inakoka madzi masana onse. Julius anati utsi wake ukununkha ngati galu wapsa ndi matayala, koma tomato alibe mphuno.

Komabe akudawo Eveles sanawawerengere. Iye anali ndi chuma china pansi pa bedi.

Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi mgolo wa kachasu amadziwa lamulo lake. Botolo loyamba kudontha ndi mutu. Ndiwo waukali, ndiwo woyera, ndiwo umayaka ukauyandikiza machesi, ndiwo amasungira alendo olemekezeka ndi odwala mano. Zotsatirazo zimanka zifooka mpaka zomaliza zimene umapatsa amene aledzera kale. Wotcheza amene amasakaniza mutu ndi zotsalira ndi wosalangidwa. Choncho kuyambira tsiku loyamba, mgolo wa mafuta ukangoyamba kudontha, Eveles amatchera botolo lapadera, likadzaza n'kukathira m'chigubu chachikasu. Ndipo maso amamuvomereza. Zoyambazo zimatuluka zoyera ngati tiyi wa kumaliro, fungo lake loboola mphuno n'kutulutsa misozi, pamene zotsatira zimabwera zakuda, zolemera, zaulesi. Anaviika kamtengo pamwamba pa chigubucho n'kuyatsa machesi, ndipo kanayaka kuti phuu. Panalibenso chofunsa.

Chinkhoswe chitayandikira, a Nickson anabwera okha masana ena. Anapeza Eveles akukoleza moto, ndipo anaima kumene kumachokera mphepo, kampango kali pamphuno. Anati abwera ngati mlongo, osati ngati mwini chigayo. Mwamunayu ndi mlendo, alendo amabwera n'kupita ngati madzi a m'nyanja ya Chilwa, koma mlongo ndi phiri. Ngati Goliati angagwetse mgolowu mwakachetechete n'kubwera kudzagwada ndi nkhuku, iwo aiwala zonse. Mwinanso angalankhule ndi abusa za malo a Eveles m'gulu la amayi, bola atasiya zinazo.

Eveles anakankhira chikuni pamoto asanayankhe.

"Achimwene, pamene uja anapita ku Joni munati ndipirire. Ndinapirira mpaka denga linandigwera. Nditayamba kutcheza munati ndikuchititsani manyazi, koma malata anga munabwera kudzabisalamo mvula. Lero ndapeza munthu wonditungira madzi, mukuti agwade. Kodi inu mumasangalala ndikakhala bwanji?"

A Nickson anati iwo amangofuna ulemu wa banja.

"Ulemuwo mudzaugaya Loweruka. Musaime pamenepo, jekete lingatenge fungo."

Madzulo a tsiku loti mawa lake n'kugaya, awiriwo anatulutsa zigubu zawo pakhonde. Apa Goliati, munthu amene sanakayikirepo chilichonse chiyambire kubadwa, anayamba kukanda m'mutu. Anati mwina athire akuda omwe aja, poti pampu ya Julius inawalandira. Oyerawa sanawayesepo m'injini, ndipo m'mavidiyo muja sakumbukira bwino ngati azungu oonekamo amapatula botolo loyamba.

Eveles anamuyang'ana ngati wanena kuti mpunga umamera pamwala. Anamufunsa kuti azunguwo anatchezapo kangati. Pampu ya Julius ndi chidakwa cha m'mudzi, chimamwa chilichonse. Koma injini ya achimwene ndi mlendo wa ku Zomba. Kodi akufuna utsi wakuda udzalowe mu ufa wa chinkhoswe, a Violet adzapeze nyimbo yoimba mpaka Khirisimasi? Akufuna a Nickson adzaone phala lakudalo likulowa m'thanki yawo n'kukomoka asanapukuse n'komwe injiniyo?

"Pa tsiku lalikulu sitipereka zotsalira, bambo. Inu mwadziwa mafuta chaka chatha. Ine paipi imeneyi ndakalamba nayo."

Goliati anakweza chigubu chachikasu, anachinunkhiza, misozi inatuluka. Anapukuta m'maso n'kunena kuti chinthu choliza mwamuna wamkulu chotere sichingalephere kuliza injini. Pofika nthawi ya chakudya anali atayamba kale kunena kuti nzeru yosunga mutu inali yake.

Kukanakhala wina wowauza, akanawauza kuti mgolo wa mowa ndi mgolo wa mafuta amangofanana nkhope ngati ana a bambo mmodzi, mitima ndi yosiyana. Mankhusu, zitsononkho ndi makoko, ngakhale ziume bwanji padzuwa la Phalombe, zimabisa madzi, ndipo moto ukayamba, oyamba kuthawa mu mgolo ndi madziwo, owawasa ngati viniga, atasenza timafuta tochepa toyandama pamwamba. Timeneto n'timene tinayatsa kamtengo ka Eveles. Koma wowauza panalibe, ndipo akanakhalapo akanabwerera ndi makutu otentha.

Loweruka m'mawa kuchigayo kunali anthu ngati kukubwera chimanga chaulere. Amayi a mbumba anandanda madengu ndi ndowa za mphale. Thandiwe, mwini chinkhoswe, anaima pambali tsitsi litakulungidwa mu duku, akuluma chikhadabo. Julius anabwera kudzachitira umboni, ndipo amauza aliyense za tomato wake. Ngakhale anyamata a kabaza anaimika njinga zawo zamoto pamthunzi, chifukwa nkhani ya mafuta imawakhudza pamimba.

Goliati anafika atavala malaya oyera. Kumbuyo kwake kunali Eveles, chigubu chachikasu chili pamutu, akuyenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mphatso za mkwatibwi. Sanapatse moni a Violet. Anatula chigubucho pakhomo la chigayo n'kuyang'ana anthu onse mmodzimmodzi, kuyambira amene anamuseka kumsika mpaka amene anamuchotsa kumpingo.

A Nickson anatsegula thanki n'kulowetsa kamtengo kuti anthu aone kuti ndi youma. Anapempha kuti aone kaye zimene zikulowa m'injini yawo. Goliati anathira pang'ono m'kapu ya galasi n'kuikweza padzuwa. Zinawala. Anthu anang'ung'udza, chifukwa amayembekezera phula. A Nickson ananunkhiza, anayetsemula, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhope yawo inaoneka ngati ya munthu amene wayamba kuganiza kuti mwina mkamwiniyu akhalitsa. Anati apemphere kaye. Eveles anati apemphere mwachidule, ufa ukudikira.

Chigubu chonse chinalowa m'thanki. Goliati anapinda manja a malaya, analavulira m'zikhatho, anagwira handulo n'kuyamba kupukusa. Injini inadandaula ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Anapukusanso, msana ukunyowa. Ndiye inagunda kamodzi, kawiri, n'kugwira: du du du du, lamba akuthamanga, malata a chigayo akunjenjemera, fumbi la miyezi yonse ija likugwa kudenga. M'sefa ndi m'mipaipi ya injiniyo munali mutatsalira dizilo wakale wa a Nickson, koma ndani amaganiza za sefa pa nthawi ngati imeneyo?

Thandiwe anathira dengu loyamba. Ufa unayamba kutsika m'thumba, woyera, wofunda. Nthungululu inaphulika. Amayi amene dzulo lomwe amatseka mphuno podutsa kwa Eveles anamuzungulira akuwomba m'manja. Iye anamasula chitenje, anachimanganso m'chiuno, n'kuponda sitepe ya tchopa pakhomo pomwepo, maso ali pa alongo ake. A Violet anapeza chinthu chofunika kwambiri choti ayang'ane m'dengu lawo.

"Achimwene, matumba aja munakonza angati?" anakuwa Eveles kupyola phokoso la injini. "Mwamuna wanga sapita kulikonse. Mumuzolowere."

Goliati anakwera pa thumba la chimanga kuti onse amuone. Ufa unali utamuyeretsa kale nsidze. Anatambasula manja n'kulengeza kuti kuyambira lero aliyense wotaya jumbo kwa Jenala akutaya chuma, kuti chaka chamawa migolo idzandanda kuchokera pano mpaka kwa Nazombe, ndipo anthu a ku Mozambique ndi amene azidzawoloka malire ndi zigubu kudzagwada kwa iye. Anati ngakhale alamu akewa adzawalemba ntchito yotola mabotolo, poti jekete lili ndi matumba ambiri.

Ali pakati pofotokoza mtundu wa penti imene adzapake pa malo ake omwetsera mafuta, injini inatsokomola.

Inatsokomolanso, mozama, ngati nkhalamba imene yapaliridwa ndi thobwa. Ku paipi ya utsi kunatuluka mtambo woyera, wonyowa, wonunkha viniga, umene unadzaza chigayo chonse mpaka amayi anayamba kupukuta m'maso. Lamba anayamba kuyenda mwaulesi. Du. Du. Phazi la Eveles linatsala m'mwamba. Injini inagwedezeka thupi lonse, inapuma mpweya umodzi wautali, n'kukhala chete, mphale ya Thandiwe ili yodzaza kukamwa kwa chigayo.

Goliati anatsika pa thumba paja, anagwira handulo, anapukusa mpaka malaya oyera anang'ambika kukhwapa. Palibe chinagunda.

A Nickson anavula jekete, chinthu chimene anthu ambiri anali asanachionepo, analipinda bwinobwino n'kupatsa akazi awo. Anagwada pansi pa thanki n'kutsegula kampopi kotayira zoipa. Zimene zinatuluka zinayenderera pa simenti mopepuka, osanata, osanyezimira, mpaka zinakafika pa zala za Eveles. Iye anawerama, anaviika chala, n'kuchiika pa lilime monga amachitira ndi botolo lililonse loyamba.

Anali madzi.